Ngowe ya M'mimba mwa Chidole

Lolemba, 3 Ogasiti

Miyezi itatu lero chimwalirire mlongo wanga. Shopu sindinatseke. Kutseka n'kukatani kunyumba, kukayang'anizana ndi khoma? Mayunifolomu asanu ndi atatu, zipi ya buluku la aphunzitsi ena, ndi diresi ya mayi uja amene amati ndimufinyire m'chiuno pomwe chiunocho chikukula sabata ndi sabata. Lamba wa mashini wayambanso kuterereka.

Kope ili ndi lolembamo miyeso ya makasitomala. Masamba akumbuyowa ndalanda ine. Pakamwa pakukanika, mwina dzanja litha.

Gologolo. Ndilembe dzina limene tinkamuitana, lina lija ndi la pa chiphaso ndi la kuchipatala. Anali ndi zaka zinayi pamene tinamupeza pamwamba pa denga atakhala phee, miyendo ili lendelende, Amayi pansi manja ali kumutu. Kuyambira tsiku limenelo pansi sanapakondenso. Mitengo, mipanda, mlatho wa sitima, kenako nsanja za mafoni zimene anakwera zaka zisanu ndi zinayi. Ankati pa dziko lonse ndi iye yekha amene amalandira malipiro pa zimene ankakwapulidwira ali mwana.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi basi. Ine amene ndinamubereka kumsana ndikadali pano, kulimbana ndi zipi.

Chikwama chake cha kuntchito chili pansi pa tebulo lodulira nsalu, kuseri kwa thumba la zigamba. Phazi langa limachigunda ndikamadula. Palibe akudziwa kuti chili kuno.

Lachitatu, 5 Ogasiti

Poweruka ndinadzera kwa mlamu, mkazi wa malemu. Waonda, mphete ikuchita kuzungulira pachala. Mwana ndinamupeza pakhonde atakumbatira chidole chansalu chimene ndinamusokera chaka chatha. Moni anayankha ngati wakakamizidwa.

Mwana ameneyu sanali wotero. Zaka zisanu ndi ziwiri, koma pakamwa ngati wailesi. Bambo ake ankamutcha Kapitawo, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka kusukulu. Chiyambi chake n'chakuti m'mawa uliwonse Gologolo ankatsegula chikwama pakhomo, mwanayo n'kuyendera katundu, manja kumbuyo ngati bwana weniweni. Chisoti. Lamba. Chingwe. Magolovesi. Ngowe zinayi zachitsulo zimene amadzikolekera nazo ku nsanja. Akawerenga zonse, bambo ake ankaima njo n'kufunsa kuti, “Akapitawo, ndinyamuke?” Iye, nkhope ili gwa, “Nyamukani.” Popanda mawu amenewo munthu wamkulu uja sankatuluka pageti, ngakhale galimoto ya kuntchito ilize hutala mpaka kutopa.

Kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa magwafa. Ankakwera awiriwo Loweruka lililonse, mwana patsogolo, bambo pambuyo, ine pansi kukalipa. Mlamu akuti chichitikire maliro mwanayo sanaukhudzenso. Popita ku chimbudzi amachita kuulambalala.

Ndinati ndi chisoni chabe, chidzatha. Mlamu anangondiyang'ana.

Ndilembe zoona, poti kope silikauza munthu. Mwanayu tinamuuza kuti bambo ake anagwa pa nsanja. Ananena ndine. Tsiku lija mlamu anali ngati wafa nayenso, Amayi ankangobwereza kuti anthu ationa bwanji, ndiye ine mwini pakamwa ndinagwada pamaso pa mwana n'kumuuza kuti inali ngozi ya kuntchito. Linatuluka losalala bodza lake, lopanda ndi msoko womwe.

Gologolo sanagwe. Anadzipha.

Ndi koyamba kulemba mawu amenewa.

Lachisanu, 7 Ogasiti

Kunabwera Wamtali, mnzake amene ankakwera naye. Akuti ovololo yang'ambika pabondo. Kung'ambika kwake kosafuna ndi telala komwe, ndinadziwa kuti wadzera zina. Anakhala pabenchi nthawi yaitali akutembenuzatembenuza chipewa. Potuluka anati, “Achemwali, zoti anagwa zija zimandiwawa. Munthu uja zaka zonsezi sanagwetsepo ngakhale sipanala.”

Ndinamuyankha mwaukali kuti za pabanja pathu azisiye. Atapita ndinasoka thumba la yunifolomu chadodolido.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi chinayimba, chaka chathunthu, ife tinatseka makutu. Munthu amene ankayenda tsiku lonse pa njinga yamoto kukangoona phiri limene anamva kuti lilipo, anayamba kugona mpaka masana, makatani otseka. Njinga inachita dzimbiri pakhonde. Kuseka ankasekabe anthu akabwera, akangochoka nkhope n'kuzima ngati nyali yatha mafuta. Kuchipatala anati ndi matenda a maganizo, anamupatsa mapiritsi ndi tsiku lobwereranso. Anamwa, anasiya, anayambanso.

Ine ndinkati chiyani? Ndinkati dzuka iwe, uli ndi mkazi, uli ndi mwana, uli ndi ntchito, ukusowa chiyani? Ndinkati mwamuna salira. Tsiku lina anandiuza pabenchi yomweyi kuti, “Achemwali, kumwamba kuja sindiopa. Chimene chimandilemera n'kudzuka pabedi.” Ndinaseka. Ndinati ulesi umenewo ukanakhala nsalu ndikanakusokera suti.

Nayenso anaseka. Ndikamufunsa pambuyo pake ankangoti, “Ndili bwino.” Ine n'kukhutira, poti ndi yankho limene ndinkafuna.

Lolemba, 10 Ogasiti

Mlamu wabweretsa chidole chija m'mawa, mwana ali kusukulu. Akuti chang'ambika pamimba, thonje likutuluka, koma mwini wake salola munthu kuchigwira. Wachita kuchiba. Ndisoke msanga chibwerere asanaweruke.

Nditachinyamula ndinadabwa kulemera. Ndinachisoka ndekha chidole chimenechi, ndikudziwa zimene ndinaikamo. Pamimba panali posokedwa kale ndi ulusi wofiira, misoko ikuluikulu yokhotakhota, ya munthu amene anaonera azakhali ake koma sanaphunzire. Ndinadula ulusiwo n'kupisamo zala.

Ngowe. Yachitsulo, ya Gologolo, ya kadontho ka penti wachikasu kamene ankaika pa zida zake zonse.

Ndinakhala pansi penipeni, pa zidutswa za nsalu. Kasitomala anagogoda, sindinayankhe. Kenako ndinakoka chikwama chija, koyamba chichisiyire mwini wake. Fungo lake. Thukuta, girizi, ndi sopo wotchipa uja ankamukonda. Chisoti, lamba, chingwe, magolovesi. Ngowe zitatu.

Chidole sindinabweze. Mlamu ndamuuza kuti ulusi wa mtundu wake unandithera. Bodza linanso. Ndayamba kuzolowera.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Kapitawo wabwera yekha kushopu, molunjika kuchokera kusukulu, thukuta lili kamukamu, sokosi imodzi yagwera m'nsapato. Sanapereke moni. Maso ake anapita pa chidole pa shelefu, pamimba pali pululu. Kenako kwa ine.

Ndinatulutsa ngowe m'thumba la epuloni n'kuiika patebulo.

Sanalire msanga. Anayamba ndi kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anati, “Azakhali, musawauze amayi. Adzandithamangitsa.”

Zinatuluka pang'onopang'ono, monga ulusi wopota. Bambo ake anakhala masabata atatu osapita kuntchito, ali chigonere. Iye ankakonda, akuti poweruka ankawapeza, ankalowa m'bulangeti n'kumawauza za kusukulu. M'mawa wa tsiku lija anawaona atavala ovololo. Sanafune kuti apite. Iwo ali kubafa, iye anatenga ngowe imodzi n'kuibisa, poganiza kuti zikapezeka zitatu sanyamuka, poti lamulo lawo linali lotero. Koma pakhomo bambo ake sanatsegule chikwama. Anangomunyamula, kumufinya kwambiri, n'kufunsa kuti, “Akapitawo, ndinyamuke?” Iye anaopa kuulula kuti waba.

“Ndinati nyamukani,” anatero. “Ndiye anagwa chifukwa ngowe inali kwa ine.”

Miyezi itatu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kugona ndi chitsulo pamtima, kudzuka nacho, kupita nacho pamaliro a bambo ake, akudziwa mumtima mwake kuti wapha ndi iye. Ndipo amene anamusenzetsa ndine, ndi kabodza kanga kosalala kaja, kamene ndinkati ndikumuteteza nako.

Ndinamukumbatira. Ndinati si iwe, mwanawe, si iwe. Anandifunsa kuti nanga ndani. Ndinamugulira fanta n'kumuperekeza kwawo.

Fanta! Mwana akufunsa za moyo wake, ine fanta.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Ndinadula nsalu ya mayi wa chiuno uja molakwika, manja onse awiri a mbali imodzi.

Tsiku lija Gologolo anadzera kuno cha m'ma seveni, ndikusesa pakhomo. Atameta bwino, ovololo yochapa. Mtima wanga unati wachira. Anaika chikwama pansi pa tebulo n'kuti, “Mundisungire, achemwali.” Ndinamufunsa kuti akakwera ndi chiyani, anati lero sakwera. Anaima pakhomo pang'ono, akuyang'ana mmene ndikusesera. Anati ndimasesa ngati ndikukangana ndi fumbi. Ndinamuopseza ndi tsache. Anapita akuseka. Madzulo ake anatiitana kuchipatala.

Chikwamacho ndinachibisa chifukwa chikanaulula bodza langa. Munthu sagwa pa nsanja zida zake zili kwa telala.

Lero ndapita kwa mlamu mwana ali kusukulu, ndamuuza zonse. Ngowe, chidole, chikwama. Ndimayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanalandira. Anapinda kansalu ka patebulo. Kenako anati, “Ine ndinkafuna kumuuza kuyambira tsiku loyamba. Koma munali mutanena kale, alamu, ndipo inu mukanena mwanena.”

Zinandilasa, poti ndi zoona. Pabanja pathu ine ndikayankhula ena amangoti eya.

Amayi ndinawaimbira foni. Akukana. Akuti mwana akauza anzake kusukulu, mawa dera lonse lidziwa, kutchalitchi atiloza zala. Ndinati Amayi, anthuwo akudziwa kale, amangotichitira ulemu. Amene sakudziwa ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene akuvutika kuposa tonse. Analira. Anadula foni. Patapita ola anaimbanso, akuti, “Mukamuuze kuti bambo ake anali munthu wabwino.” Ngati mwanayo angaiwale.

Mlamu anakafunsa kwa anamwino amene ankamuona Gologolo kuti mwana amauzidwa bwanji zotere. Akuti mawu ochepa, oona, ndipo tiyankhe zokhazo zimene wafunsa. Tagwirizana Loweruka. Ndimafuna kunena kuti sabata yamawa, koma zengerezu analinda kwawukwawu.

Loweruka, 15 Ogasiti

Ndatseka shopu masana. Chikwama ndinanyamula pamutu mpaka kwa mlamu, cholemera ngati muli munthu.

Tinakhala pakhonde atatu. Nditachitsitsa, Kapitawo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Amayi ake anamuuza kuti atsegule, ayendere katundu monga kale. Anakana ndi mutu. Kenako anagwada.

Chisoti. Lamba. Magolovesi. Chingwe chili chikulungire mmene anachionera komaliza, mfundo yake yomweyo. Ngowe anawerenga katatu. Ndinamuuza kuti chikwamachi bambo ake anachisiya kwa ine m'mawa wa tsiku lija. Kuti kuntchito sanapite, nsanja sanakwere, ndipo ngowe zikanakhala zinayi kapena khumi sizikanasintha kanthu. Kuti zoti anagwa ndinapeka ndine.

Anandiyang'ana. Maso a Gologolo enieni, aja ankandiyang'ana nawo ndikamunamizira kwa Amayi tili ana.

Anafunsa amayi ake, osati ine, kuti nanga anafa ndi chiyani. Mlamu, amene ndinkamuyesa wofooka, ndi amene anayankha, mawu ali phee. Anati bambo ako ankadwala m'maganizo, matenda osaoneka ndi maso, amene amamunamiza munthu kuti ululu wake sudzatha. Anati analimbana nawo chaka chonse, kuchipatala anapita, koma tsiku limenelo matendawo anamuposa mphamvu ndipo anadzichotsera moyo. Anati matenda amenewa ambiri amachira, ndipo munthu akamva kulemera mumtima ayenera kunena.

Kenako mwana anati, “Ndikanati musanyamuke?”

Mlamu anamukokera pamiyendo. Anati, “Ngakhale ukanatseka geti ndi loko, mwanangu. Ine ndinayesa, azakhali ako anayesa, adokotala anayesa. Siinali ntchito ya mwana.”

Zoti azakhali anayesa anangondikomera mtima. Ndikudziwa mmene ndinayesera.

Apo ndiye analira. Kulira kumene sanalire pamaliro, kokuwa, kopondaponda pansi, mpaka oyandikana nawo anasuzumira pampanda. Tinamusiya alire. Atatopa anatola ngowe yachinayi imene ndinabwera nayo n'kuikoleka pamodzi ndi zinzake, n'kutseka zipi. Chikwama anachikokera yekha kuchipinda kwake.

Ndikutsanzika sanatuluke. Anangonena ali mkati kuti, “Azakhali ndi abodza.”

Lachitatu, 19 Ogasiti

Kapitawo sakundiyankhula. Ndikafika amalowa m'nyumba. Mlamu akuti akudya tsopano, ndipo mafunso ndi ambirimbiri, ena oti munthu sungayankhe. Dzulo anafunsa ngati matendawo amapatsirana. Lolemba apita naye kwa anamwino aja akacheze.

Zoti sakundiyankhula zikundiwawa kuposa mmene ndimaganizira. Koma bola adane ndi ine kusiyana n'kudzida yekha.

Chidole ndasoka. Thonje latsopano, ulusi wofiira womwewo, ndipo misoko yake yokhota ija ndaisiya pambali pa yanga. Pansi pa tebulo pali pululu. Phazi likumafunafuna chikwama.

Iwe Gologolo, ndakusowa. Unkalowa muno osagogoda, kukhala pa nsalu za makasitomala, kundiuza za mmene mitambo imaonekera ukakhala pamwamba pake, ine n'kumati choka apo ukundikwinyira diresi. Bwera udzakwinye.

Lachiwiri, 25 Ogasiti

Ndadzuka mutu uli wolemera. Masiku ano tulo n'tochepa, chakudya sichikulowa, koma aliyense akandifunsa ndimati ndili bwino, n'kupitiriza kupalasa mashini.

Popita kushopu ndinadzera kwa mlamu kukasiya chidole. Ndimati ndingochiika pakhonde ndizipita. Pakhonde panalibe munthu. Ndikutembenuka ndinamva masamba akugwedezeka kuseri.

Kapitawo ali mumtengo wa magwafa. Nthambi yoyamba yokha, yapansi, yunifolomu ya sukulu ili m'chiuno, chisoti cha bambo ake chamugwera mpaka pamphuno. Pakamwa panga panatseguka kuti ndikalipe monga kale. Ndinatseka.

Anatsika yekha, mosathamanga. Chidole analandira, anayang'ana pamimba, sanathokoze. Kenako analoza chikwama changa cha m'manja n'kuti nditsegule. Manja kumbuyo. Sizasi. Tepi. Choko. Magalasi. Makiyi a shopu. Anawerenga zonse, nkhope ili gwa.

Ndinaima njo, mayi wamkulu ndi imvi zanga, pakati pa bwalo la eni. Ndinati, “Akapitawo, ndinyamuke?”

Anati ayi, kwatsala chimodzi. Akuti wawonjezera pa lamulo, amayi ake amawafunsanso m'mawa uliwonse. Anakankhira chisoti m'mwamba kuti andione bwino. Anati, “Mumtima muli bwanji? Koma osanama.”

Lilime linali litanyamuka kale ndi yankho lija la masiku onse, lomwe lija bambo ake ankandipatsa ine n'kumakhutira. Ndinalimeza. Ndinati mumtima simuli bwino, Akapitawo, ndamusowa mlongo wanga, ndipo ndikuchita manyazi ndi zimene ndinakuchita.

Anaganiza kaye, monga amachitira mabwana. Kenako anati, “Ndiye simunyamuka. Khalani apa.”

Mayunifolomu akudikira, mayi wa chiuno abwera naini koloko. Ndakhala pansi pa mtengo. Ndikulemba kope lili pabondo, mlamu akuteleka tiyi, ndipo gwafa wosapsa wangondigwera pamutu kuchokera pa nthambi yachiwiri, pamene Kapitawo wakwera.